Mapu anu asanduka ukonde wa usipa? Kumasula mizere yopiringizana pa mapu a pa intaneti

Bungwe lina ku Lilongwe linandipatsa ntchito yokonza mapu a pa intaneti osonyeza mmene chimanga chimayendera kuchoka m'boma lina kupita m'boma lina. Deta inalipo, yabwino ndithu: boma lochokera, boma lopitako, matumba angati, mwezi uti. Ndinachezera usiku wonse kujambula mzere pa ulendo uliwonse, ndinapaka mitundu, mpaka ndinayamba kudzitama chamumtima. Kutacha, pa msonkhano, mayi wina wamkulu pa bungwepo anatsegula mapuwo pa foni yawo, anayang'ana kwa kanthawi, n'kuchotsa magalasi. "Achimwene, ntchito mwagwira, koma ine ndikungoona ukonde wa usipa. Nanga Ntcheu ili pati?"

Ntcheu inalipo. Inali itakwiririka pansi pa mizere.

Vutoli limabwera mobwerezabwereza kwa aliyense wojambula maulendo pa mapu, kaya ndi a ndege, a minibasi, a odwala otumizidwa ku zipatala zazikulu, kapena a anthu osamuka. Gwero lake ndi masamu. Malawi ali ndi maboma 28. Boma lililonse likatumiza katundu ku maboma ena onse 27, mizere imakwana 756. Mukangowonjezera misika 10 yokha, malo n'kukhala 38, mizere ifika 1,406. Malo amawonjezeka pang'onopang'ono, koma mizere imaswana ngati nyerere. Deta ya OpenFlights, yomwe ambiri amaphunzirira ntchitoyi, mu 2014 inali ndi njira za ndege 67,663 pakati pa mabwalo 3,321, ndipo aliyense amene anayesapo kuzijambula zonse nthawi imodzi amadziwa kuti Ulaya yense amangosanduka chibanthu cha utoto.

Ife tilinso ndi vuto lathulathu. Dziko lathu ndi lalitali koma lopyapyala, choncho mizere yambiri imalowera mbali imodzi, kumpoto ndi kummwera, n'kusanjikizana. Maboma 15 a kumpoto ndi pakati akamatumizirana ndi maboma 13 a kummwera, imeneyo ndi mizere 390, ndipo yambiri imakapanikizana chakumtunda kwa Balaka ndi Ntcheu. Kummwerako maboma ndi ang'onoang'ono ndiponso oyandikana: Blantyre, Chiradzulu, Zomba, Thyolo, Mulanje ndi Phalombe pa foni amakwana pansi pa chala chimodzi.

Pezani kaye njuchi yomwe yakulumani

Chulukechuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Mapu odzaza amadwala nthenda zosiyanasiyana, ndipo mankhwala a imodzi sachiza inzake. Zimitsani ma layer onse, kutanthauza magawo osanjikizana omwe amapanga mapu, muziyatsa imodziimodzi: mapu apansi (chithunzi cha dziko chomwe mukujambulapo mizere yanu), malire a maboma, timadontho ta malo, mayina, pomaliza mizere. Pomwe maso anu ayambire kuvutika mpomwe pali nthenda.

Nthawi zambiri mudzapeza kuti gawo lina la chipwirikiticho si lanu. Mapu apansi a OpenStreetMap wamba amabwera ndi misewu yamitundumitundu, nkhalango zobiriwira ndi mayina a midzi, chifukwa anapangidwira munthu wofuna njira. Mizere yanu ikupikisana ndi zonsezo. Ikani mapu apansi otuwa monga Positron ya CARTO, kapena akuda monga Dark Matter. Mwinanso achotseretu, musiye malire a dziko ndi nyanja basi. Mmalawi akangoona nyanja amadziwa kale pomwe pali Karonga ndi pomwe pali Mangochi. Mapu apansi akachepa, bandulo ya owerenga nayonso imapuma.

Kenako yang'anani deta ngati ili yoyera. Pa tebulo langa lija, boma limodzi linalembedwa katatu: Nkhata Bay, Nkhatabay ndi Nkhata-Bay. Wina analemba KK m'malo mwa Nkhotakota. Mzuzu pena inali payokha, pena inali mkati mwa Mzimba. Pulogalamu sidziwa kuti awa ndi malo amodzi, imangojambula mizere itatu pomwe pakufunika umodzi. Gwirizanitsani mayina, phatikizani maulendo ofanana kuti malo awiri aliwonse akhale ndi mzere umodzi wonyamula chiwerengero chonse.

Mukaona mizere ina ikuthawira kunja kwa sikirini ngati ikupita kukatunga madzi, pali zifukwa ziwiri zodziwika. Ikakhala ikulunjika m'nyanja ya Atlantic chakummwera kwa Ghana, ndiye kuti malo ena alibe manambala osonyeza pomwe ali ndipo pulogalamu yawaika pa 0,0. Ikakhala ikupita m'nyanja chakumadzulo kwa Morocco, mwasinthanitsa latitude ndi longitude. Fayilo ya GeoJSON, yosungira deta ya mapu, imayamba ndi longitude, pomwe Leaflet, pulogalamu yojambulira mapu a pa intaneti, imayamba ndi latitude. Lilongwe ali cha pa 13.98 kummwera ndi 33.78 kummawa, mukatembenuza manambalawa, likulu lathu likamira kufupi ndi chilumba cha Madeira.

Mizere yachuluka kwenikweni

Apa mpamene pali ntchito yaikulu, ndipo mpamene ambiri timalakwitsa. Timathamangira kuchepetsa kunenepa kwa mizere, kuganiza kuti ikaonda ipatsana malo. Mizere 756 yoonda ndi ukonde womwewo, kungoti wa maso ang'onoang'ono. Chofunika ndi kusajambula yonse nthawi imodzi. Mapu a pa pepala alibe kuchitira mwina, koma anu ndi odina, munthu angathe kufunsa n'kuyankhidwa. Ben Shneiderman anafotokoza dongosolo lake mu 1996: munthu ayambe waona chithunzi chonse mwachidule, kenako akulitse ndi kusefa, ndipo tsatanetsatane abwere pokhapokha iye wamufuna.

Ndiye dzifunseni kuti munthu akangotsegula, asanadine kalikonse, akufuna kudziwa chiyani. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Sankhani funso limodzi.

Njira yakale, yomwe imagwirabe ntchito, ndi ya Waldo Tobler. Mu 1987 iye analemba za kujambula kusamuka kwa anthu pa kompyuta, ndipo anakumana ndi masamu omwewa: zigawo 48 zogundizana za United States zimabala mizere 2,256. Malangizo ake anali oti muchotse mizere yonse yomwe chiwerengero chake chili pansi pa avereji, chifukwa anthu ochuluka amakhala m'mizere yochepa ikuluikulu. Yesani pa deta yanu. Sanjani maulendo kuyambira waukulu, muwerengere kuti mizere 30 kapena 50 yoyamba yanyamula gawo lalikulu bwanji la katundu yense. Ikani malirewo ngati poyambira, ndipo mupatse owerenga slider yoti azitsitsa okha akafuna zambiri.

Koma njirayi ili ndi nkhanza yake. Malire amodzi a chiwerengero pa dziko lonse amafafaniza maboma ang'onoang'ono. Likoma sidzaoneka. Neno ndi Mwanza adzasowa, mapu adzangokhala a Lilongwe ndi Blantyre, chonsecho mwina nkhani yeniyeni ya njala ili kumeneko. Pofuna kupewa zimenezi, ine ndimakonda kusunga mizere iwiri kapena itatu ikuluikulu ya boma lililonse. Maboma 28 kuchulukitsa ndi 2 ndi mizere 56 yokha, ndipo palibe boma lomwe latsala lopanda mawu. Njira iliyonse yomwe mwasankha, lembani pakona pa mapu kuti mizere yomwe ikuoneka ndi ingati mwa ingati, ndipo yanyamula gawo lanji la katundu. Kubisa mizere osanena ndi kunamiza owerenga.

Palinso kuchotsera. Ngati boma lina latumiza matumba 900 ku boma linzake ndipo lalandira 700 kuchokera komweko, mungajambule mzere umodzi wa 200 wolowera mbali yomwe yapambana. Mizere imachepa ndi theka nthawi yomweyo. Izi zimathandiza ngati funso ndi lakuti ndani akupindula, ndani akutaya. Ngati funso ndi la kuchuluka kwa magalimoto pa msewu, musayerekeze, chifukwa msewu wodutsa matumba 1,600 udzaoneka ngati kanjira ka kumunda.

Chomwe chinandipulumutsa ine ndi kudina. Munthu akadina Ntcheu, mizere ya Ntcheu yokha iwale, ina yonse izilale kapena ichokeretu. Mizere yotuluka ikhale ndi mtundu wake, yolowa wakenso. Ngakhale boma litatumizirana ndi ena onse, mizere siingapitirire 54, ndipo yonse ikuchokera pamalo amodzi ngati masipoko a njinga, choncho siipingasana. Mu MapLibre, pulogalamu inanso yojambulira mapu a pa intaneti, mungachite izi ndi setFilter kapena setFeatureState popanda kukokanso deta. Musaiwale batani lobwerera ku chithunzi choyamba. Anthu amasochera msanga.

Mizere ndi yochepa koma ikuphimbana

Nthawi zina chiwerengero chili bwino, koma mzere wofunika wakwiririka ndi tizinzake topanda pake. Vuto ndi dongosolo lojambulira. Pulogalamu imajambula motsata mmene deta yasanjidwira, womaliza n'kukhala pamwamba. Mu 2010 Paul Butler, yemwe ankaphunzira ntchito ku Facebook, anajambula maubwenzi a anthu awiriawiri pafupifupi 10 miliyoni pa mapu a dziko lonse. Poyamba panatuluka chibanthu choyera chosaoneka mutu wake. Zinayamba kuoneka atapatsa mzere uliwonse kulemera kwake, n'kujambula yolemera pamwamba, mitundu ikuchoka pa wakuda kudzera pa wabuluu mpaka woyera. Magombe a makontinenti anaonekera okha, ngakhale sanawajambule. Chitani chimodzimodzi: sanjani deta kuyambira yaing'ono musanaipereke, kapena gwiritsani ntchito line-sort-key mu MapLibre.

Mizere ing'onoing'ono ikhale yoonekera mkati, kuti pomwe yasanjikizana yambiri mtundu uzikhwima wokha. Yaikulu ikhale ndi kamphepete kopyapyala ka mtundu wa mapu apansi, kuti ikadutsana diso lizidziwa uti wadutsa pamwamba. Pa kunenepa, ikani malire a wonenepetsetsa. Lilongwe ndi Blantyre akaposa ena kambirimbiri, mzere wawo udzameza Dedza ndi Ntcheu onse. Ambiri amagwiritsa ntchito square root kuti kusiyana kuchepe. Mukatero, kiyi ya mapu, kabokosi komasulira zizindikiro, isonyeze zitsanzo zitatu za kunenepa ndi manambala ake, popeza diso silingathenso kuyerekeza lokha.

Wopita ndi wobwera akamagona pamzere umodzi, mmodzi amabisa mnzake. Asiyanitseni pang'ono ndi line-offset, kapena apindeni onse mbali imodzi malinga ndi komwe akupita, monga mmene magalimoto amayendera kumanzere. Mivi yathunthu kumapeto kwa mzere uliwonse imaunjikana pa Lilongwe ngati minga. Theka la muvi, kapena mzere wonenepa kochokera n'kumaonda kopita, zimakwanira.

Mitundu isapitirire itatu kapena inayi. Pewani kudalira wofiira ndi wobiriwira pa kusiyanitsa otuluka ndi olowa, chifukwa anthu ena, makamaka amuna, sasiyanitsa mitundu iwiriyi. Wabuluu ndi waolenji amagwira bwino. Tsamba la ColorBrewer la Cynthia Brewer lili ndi magulu a mitundu oyesedwa kale.

Nanga kumanga mizere m'mitolo?

Mukafufuza za vutoli mudzakumana ndi edge bundling. Danny Holten anaifalitsa mu 2006, ndipo mu 2009 iye ndi Jarke van Wijk anatulutsa njira yogwira pa mizere iliyonse, ngakhale ya pa mapu. Mizere yolowera mbali imodzi imakokana n'kukhala ngati mtolo wa nkhuni, kapena ngati mitsinje yothira mu mtsinje waukulu. Zithunzi zake ndi zokongola kwambiri, ndipo mabwana amazikonda.

Ine ndimaikayikira pa mapu enieni. Choyamba, mzere ukalowa mu mtolo sungautsatirenso. Waona wachokera ku Rumphi, walowa mu mtolo, ndipo kummwera kwatuluka mizere 13. Wa Rumphi ndi uti? Diso limayamba kupeka maulendo omwe kulibe. Chachiwiri, mtolo wopindika pa mapu umaoneka ngati msewu. Pa mapu a Malawi mtolo waukulu umatsika pakati pa dziko, ndipo aliyense amati ndi M1, chonsecho kompyuta yangoupinda mwa masamu ake, mwina katunduyo anadzera msewu wa m'mbali mwa nyanja wa M5. Ngati mukudziwa njira zenizeni, ndi bwino kuyendetsa maulendo pa misewu yeniyeniyo ndi chida monga OSRM, n'kuwerengera katundu wodutsa pa chigawo chilichonse cha msewu. Pamenepo kunenepa kwa msewu kukunena zoona. Ngati mwaumirira mitolo, ikhale ya chithunzi choyamba chokha, ndipo munthu akadina boma mizere yake iwongoke.

Timadontho tasanjikizana

Malo akakhala mazanamazana, monga zipatala zing'onozing'ono kapena misika, aphatikizeni malinga ndi zoom, kutanthauza mmene munthu wakulitsira mapu. Munthu akakhala patali aone zigawo zitatu, akayandikira aone maboma, akayandikiranso aone misika. Leaflet.markercluster imaphatikiza timadontho tomwe tili mkati mwa mapikiselo 80 mukapanda kusintha; chepetsani maxClusterRadius ngati ikumeza kwambiri. Supercluster ya Vladimir Agafonkin, yemwenso analemba Leaflet, imapirira timadontho tochuluka zedi.

Msampha uli apa: mapulogalamuwa amaphatikiza timadontho tokha, mizere saikhudza. Mudzapeza kadontho kamodzi pa Blantyre koma mizere ikuthera m'malere mozungulira. Muyenera kuwerengeranso mizere pa zoom iliyonse, kuchoka ku gulu kupita ku gulu, ndipo maulendo a mkati mwa gulu limodzi asonyezedwe ndi kukula kwa kadonthoko. Chida cha flowmap.blue cha Ilya Boyandin chimachita zimenezi chokha kuchokera pa tebulo la Google Sheets, ndipo ndi poyambira pabwino kuti muone ngati deta yanu ikuyankhula. Chenjerani nacho pa deta ya odwala kapena ya anthu, chifukwa tebulolo limayenera kukhala lotsegukira aliyense amene ali ndi link. Ngati n'kotheka, phatikizani motsata malire omwe anthu amawadziwa, mfumu yaikulu, boma, chigawo, osati mtunda wokha. Kompyuta ikhoza kuphatikiza Mchinji ndi Chipata chifukwa ndi zoyandikana, osadziwa kuti pakati pali malire a mayiko.

Mayina nawo alowe mwa ukulu wake. Pa zoom yakutali, Mzuzu, Lilongwe, Zomba ndi Blantyre akukwana. MapLibre imabisa yokha mayina ogundana, koma muiuze loyenera kutsala ndi symbol-sort-key, apo ayi idzabisa Blantyre n'kusiya Lunzu. Mayina akhale pamwamba pa mizere, ndi kamphepete koyera kozungulira zilembo.

Pa laputopu zili bwino, pa foni zakanika

Apa mpamene ndinagwera ine. Ndinakonza zonse pa sikirini yaikulu, tsatanetsatane akutuluka mausi ikangodutsa pamwamba pa mzere. Foni ilibe mausi. Chilichonse chomwe mwabisa kuseri kwa hover, kudutsitsa mausi kuja, wa pa foni sadzachiona. Chisandutseni chodina, ndipo zotulukazo zibwere m'kabokosi kammunsi mwa sikirini, osati pamwamba pa malo omwe munthu wangodina kumene.

Chala si nsonga ya singano. Apple imalangiza kuti podina pakhale mapointi 44, Android imati 48dp. Mzere wa mapikiselo awiri palibe angaugwire. Jambulani mzere wina wonenepa koma wosaoneka pamwamba pa uliwonse kuti uzilandira chala, kapena kwezani tolerance ya canvas mu Leaflet. Chabwino koposa ndi kuika kamndandanda ka maboma pamwamba kuti munthu asankhe dzina, m'malo molimbana ndi kadontho ka Chiradzulu.

Mapu akamakakamira pokoka, onani chomwe chikujambula. Leaflet imayamba ndi SVG, pomwe mzere uliwonse ndi chinthu chakechake mu browser, ndipo ikafika masauzande foni yotchipa imatentha n'kuima. Yatsani preferCanvas, kapena samukirani ku MapLibre kapena deck.gl zomwe zimagwiritsa ntchito WebGL. Malire a maboma apeputseni ndi chida cha mapshaper. Gombe la nyanja silifunika kakhota kalikonse pa zoom ya dziko lonse. Dulaninso manambala a malo. Manambala 5 pambuyo pa kadontho ka desimali akulozera kale mkati mwa mita imodzi kapena kuposerapo pang'ono, pomwe mafayilo ambiri amabwera ndi 14, kungodya bandulo ya anthu.

Timadontho toyenda pa mizere timasangalatsa kwa masekondi khumi, kenako timatopetsa maso ndi batire. Tiyatseni pa mizere yomwe yasankhidwa yokha.

Mzere umodzi wautali wodula mapu onse

Izi zimachitika pa mapu a dziko lonse. Ndege yochoka ku Auckland kupita ku Los Angeles imadutsa longitude 180, koma pulogalamu imaijambula mobwerera, kudutsa Australia, Africa ndi Atlantic. Lamulo la GeoJSON la 2016 limalangiza kudula mzere wotere pawiri pa malirewo. Ntchito ya greatCircle mu Turf.js imadula yokha, ndipo imapindanso mzere motsata kuzungulira kwa dziko, zomwe zimamwaza maulendo ataliatali kuti asamaunjikane pakati.

Pamene mapu enieniwo ndiwo akutchinga

Nthawi zina mwayesa zonse koma kummwera kukadali mpanipani, chifukwa malo ake ndi oyandikana basi. Harry Beck anakumana nazo ku London, komwe masiteshoni a sitima zapansi anali othithikana pakati pa mzinda koma otalikirana kunja. Mapu ake omwe anasindikizidwa mu 1933 anataya mitunda yeniyeni, anakulitsa pakati, n'kuwongola njira zonse kuti zikhale zoimirira, zopingasa kapena zopendekera theka. Wokwera sitima safuna kudziwa makilomita, amafuna kudziwa posinthira. Mapu a minibasi za ku Blantyre kapena Lilongwe angapindule ndi nzeru yomweyo. Pa maboma, mungawasanje ngati timabokosi tofanana kukula, Chitipa pamwamba, Nsanje pansi, Likoma kumanja, kuti Chiradzulu akhale ndi malo ofanana ndi Mzimba.

Ndipo ngati wina akufunadi manambala onse 756, mpatseni tebulo la mabokosi 28 kutsika ndi 28 kupingasa, bokosi lililonse lopakidwa mtundu malinga ndi kuchuluka. Palibe mzere wodutsa unzake. Sanjani maboma kuchokera kumpoto kupita kummwera, osati mwa afabeti, kuti oyandikana akhale pamodzi. Likhale pambali pa mapu, munthu akadina bokosi mzere wake umodzi uwale.

Mapu achiwiri omwe ndinawatumizira mayi aja anali ndi nyanja, malire otuwa, mayina anayi, mizere 56 ndi kamndandanda ka maboma pamwamba. Ndisanatumize ndinabwereka foni yakale ya mlonda wa pa ofesi, yosweka galasi pakona, ndinatuluka nayo panja padzuwa, n'kumupempha kuti andipezere komwe chimanga cha kwawo chimapita. Anasankha Ntcheu pa kamndandanda, mizere inawala, anaitsata ndi chala mpaka ku Blantyre. Anangodandaula kuti mtundu waolenji sukuoneka bwino padzuwa, ndiye ndinabwerera mkati kukaukhwimitsa.